Tsiku Limene Ndinasambitsa Apongozi M'manja

Anzanga, popeza Loweruka lapitali ena a inu munandiona ndikudumphira m'ngalande pafupi ndi msika, njinga uko chipewa uko, chifukwa cha mayi wachikulire wogulitsa mtedza amene sindimudziwa n'komwe, ndaganiza kuti ndikufotokozereni ndekha musanakamve kwa a Zakeyu Mbewe. Iwowo akamafotokoza amathira mchere wambiri, ine n'kutuluka chitsiru kuposa mmene ndinalili. Koma ndivomeretu, ngakhale yopanda mchere nkhaniyi siindikomera.

Amene sawadziwa a Zakeyu ndiye kuti sanapondepo pa konsati muno mu Foti Jemusoni. Ndi malume ake a mkazi wanga Estere, mlongo wawo wamng'ono wa apongozi anga a Nambewe a ku Chipangali. Kamunthu kakafupi, kadazi, kowonda miyendo, kamene masiku a ntchito kamakonza njinga pansi pa mtengo wa mango ku Kapata. Koma likafika Loweruka masana, anthu atadzaza m'holo mpaka ena kukhala m'mawindo, kamunthu komweko kamasanduka chilichonse: mesenjala wa ku boma, mzungu wa fodya wopsa ndi dzuwa, mlaliki amene wayiwala vesi ali pakati pa ulaliki.

Ntchito imeneyi sanaiphunzire kwa munthu. Ali mwana pa sukulu ya mishoni ankayenda kumbuyo kwa mphunzitsi wamkulu akutsanzira kayendedwe kake, tsiku lina mphunzitsiyo anacheuka, sukulu inathera pomwepo. Anapita ku Halale wapansi, nakhala zaka akutsuka mbale m'makhitchini a azungu, tsiku lopuma n'kumakaonera bayisikopo, osati kuti amve nkhani yake, poti chizungu sankachimva bwino, koma kuti aone mmene anthu aja amagwera. Iwo amati kugwa ndi luso, munthu wamba amangogwa koma katswiri amayamba wakutsimikizira ndi maso kuti sagwa. Nkhondo itabuka analembedwa usilikali monga wophika, nawoloka nyanja, ndipo kumeneko ndi kumene anapeza chimene anabadwira. M'matenti a ovulala munkagona asilikali a kwathu kuno, ena opanda miyendo, osadya, osayankhula, akungoyang'ana kudenga. A Zakeyu anamanga thaulo kumutu, nadzikulunga bulangete, nalowa akukalipa ngati mayi wa kumudzi amene wapeza ana ake akugona dzuwa lili pamutu. Akuti msilikali wina amene anali asanatsegule pakamwa milungu itatu anaseka mpaka kulira, n'kunena kuti, "Amayi anga enieni." Ndi mmene anabadwira Namkwiyo, nkhalamba yolusa ija imene lero aliyense m'tauni muno amaidziwa.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti Namkwiyo sanachite kumupeka. Anangotengera mlongo wawo, apongozi angawo: mawu, kutsokomola kawiri asanayambe kukalipa, ngakhale mphini za m'masaya, zimene a Zakeyu amazilemba ndi khala. Atabwera kunkhondo anapita ku Chipangali kukaonekera, ndipo tsiku limene anabwerera kuno chirundu chakuda cha a Nambewe chinasowa pa mpanda pamene anachiyanika. Mbiri itawafika yakuti chirundu chawo chikuvina m'holo ku tauni, a Nambewe analumbira kuti alibenso mlongo. Mwamwambo a Zakeyu ndiwo mwini mbumba, nkhani za Estere ndi ana ake zimayenera kuthera kwa iwo, koma a Nambewe anati mbumba singasungidwe ndi mwamuna wovala duku. Kuyambira pamenepo zonse ankagamula okha.

Tsopano mumve mbali yanga. Ine ndinaleredwa bwino. Sukulu ndinapita mpaka sekondale, ndine kalaliki pa shedi ya fodya, taye ndimamanga, koma apongozi ndimawaopa monga analamulira makolo. Mkamwini sayang'ana apongozi aakazi kumaso, mukakumana panjira umapatukira kutchire, mukafuna kuyankhulana wina amakhala kuseri kwa khoma kapena mawu amadzera mwa mwana. Ndinasunga zimenezi mosaphonya, kotero kuti patatha zaka zinayi ndili pabanja, a Nambewe ndinkawadziwa mapazi, mawu, ndi msana ukuzimiririka kuseri kwa nkhokwe. Nkhope yawo ndinali ndisanaionepo. Nkhope yokhayo ya apongozi imene ndinkaidziwa inali ya Namkwiyo. Mwaiona kale ngozi ikubwera? Ine sindinaione.

Pali china chimene sichoseketsa, koma popanda icho simungamvetse za beseni langa. Estere ndinabwera naye kuno pa chitengwa, apongozi atalola monyinyirika kuti achoke pamudzi. Mwana wathu woyamba, Samuele, anamwalira ali ndi miyezi isanu, chifuwa chokoka mtima chitalowa m'komboni. Atabadwa wachiwiri, Lute, ine ndinasanduka mlonda. Ndinapeza kabuku ka zaukhondo kuchipatala, ndinakaloweza ngati katekisimu, ndipo pakhonde ndinaika beseni, sopo wofiira uja wonunkha mankhwala, ndi kansalu. Aliyense wofuna kunyamula Lute ankayamba wasamba m'manja, kaya ndi mkulu wa mpingo kaya ndani. Anthu ankaseka, ndinkawamva ndithu. Koma mwana akatsokomola kamodzi kokha ine mtima unkaima, ndiye ndinkangoti asekebe.

Lute atakwanitsa miyezi isanu, msinkhu womwe uja, kunabwera kalata yochokera ku Chipangali. Dzanja linali la mphunzitsi wa kumeneko koma mawu anali a apongozi enieni. Inati tauni inadya mdzukulu mmodzi, sidyanso wachiwiri. Inati ndikubwera Lolemba pa lole ya mtedza kudzatenga mwana wanga ndi mdzukulu wanga, mkamwini akafuna azidzawaona pa Khirisimasi.

Ndinaiwerenga kasanu, mawu sanasinthe. Estere analira, nati iye sangatsutse amayi ake, woyankhula ndine. Ine? Kuyankhula ndi khoma limene kuseri kwake kuli a Nambewe? Ndinakhala pansi n'kulemba zoti ndidzanene, masamba atatu, mfundo yoyamba mpaka yachisanu ndi chiwiri, monga tinkachitira pa mtsutso kusukulu. Koma ndikati ndiyeseze, sindinkapitirira mfundo yoyamba. M'pamene inandifikira nzeru imene panthawiyo ndinaiona ngati yakuya kwambiri. Ndinapita pansi pa mango paja.

"A Malume, ndithandizeni. Mubwere Loweruka m'mawa mutavala Namkwiyo, ndiyesezere pa inu. Ndikazolowera kuyankhula ndi wabodza, mwina weniweni sandigwetsa."

A Zakeyu anaika sipanala pansi, nandiyang'ana.

"A Kalaliki, zaka zonsezi anthu amandiitana kuti aseke. Ndinu woyamba kundiitana kuti muchite mantha."

"Mubwera?"

"Ndibwera. Koma ndikalowa pakhomo panu sindine Zakeyu, musanditchule malume ndipo musayembekeze chifundo. Muzindiyang'ana kumaso, mantha amathera m'maso. Mukaona polakwika munene, nanenso ndikonzeko, masana ake ndili ndi konsati."

Loweruka m'mawa Estere anapita kwa mnzake kutsidya kwa komboni kukabwereka mphasa yabwino yoti amayi ake adzagonepo, nandisiyira Lute atagona pakhonde. Ine ndinamanga taye, mapepala m'manja, kudikira. Dzuwa litakwera pang'ono ndinaona nkhalamba ikulowa pachipata, chirundu chakuda, duku, kamtolo pamutu, fumbi mpaka m'mawondo. Ndinati mumtima, koma munthu uyu ndi katswiri, mpaka wadzola ndi fumbi lomwe. Nanga akanandiuza ndani kuti lole ya mtedza yasintha tsiku?

Nkhalamba ija itandiona inaima, inatembenukira kumbali, n'kukoka nsalu kuphimba nkhope, kudikira kuti ndithawe monga mwa masiku onse. Miyendo yanga inafunadi kuthawa, koma ndinaikaniza. Ndinakhalabe pampando, mwendo wina pamwamba pa unzake.

"Lowani, lowani, tiyambepo," ndinatero. "Mwachedwa."

Anaima kanthawi ngati sanamve bwino. Kenaka anatula kamtolo, nayenda cham'mbali ngati nkhanu kulunjika pamene panagona Lute, manja atatambasula kale.

"Imani pomwepo. Beseni ilo."

Anaima.

"Masewera ndi masewera, koma mwanayo ndi weniweni. Sambani kaye."

Anayang'ana beseni, anayang'ana mwana, kenaka pang'onopang'ono anagwada nayamba kusamba. Ine n'kuimirira pambali ngati sisitere wa kuchipatala. "Ndi sopo. Pakati pa zala. Zikhadabo zimenezo, bwerezani." Anabwereza. Atapukuta m'manja ananyamula Lute, nakhala pansi chondifulatira, nayamba kuyankhula ndi mwanayo monga amachitira apongozi akafuna kuti mawu afike kwa mkamwini.

"Lute, mdzukulu wanga, atate ako adwala mutu kodi?"

Ndinawomba m'manja. "Mawu mwawapeza ndithu. Koma mwafewetsa, a Namkwiyo. Enieni aja akayankhula nkhuku zimabalalika, agalu amalowa pansi pa nkhokwe. Kwezani pang'ono, muikemo ululu."

Ndinaona mapewa akuuma. Kenaka anatsokomola kawiri, kutsokomola kuja, nati mokweza:

"Lute, uwauze atate ako anene zimene akufuna kunena. Ndikumva."

"Eya, tsopano ndiye iwowo."

Ndinatambasula mapepala. "Mfundo yoyamba, m'tauni muli chipatala pafupi. Mfundo yachiwiri, madzi akumwa ife timawiritsa. Mfundo yachitatu..." Ndinafika mfundo yachinayi msana uja osagwedezeka n'komwe.

"Lute, uwafunse atate ako ngati mfundo zimenezi zinamuletsa Samuele kupita."

Apa ndiye anandilasa. Ndinaiwala kuti ndi masewera, mapepala anagwa pansi osawatola. Ndinazungulira n'kukakhala patsogolo pawo, maso ndi maso monga anandilangizira, ndipo zinatuluka zimene ndinali ndisanauzepo munthu, ngakhale Estere. Ndinati Samuele ndinamunyamula ndine kupita naye kuchipatala, ndinenso ndinabwera naye atazizira, ndipo kuyambira tsiku limenelo njira imeneyo ndimailambalala. Ndinati ndimadziwa kuti anthu amaseka beseni langa, koma beseni ndi chokhacho chimene manja anga angathe. Ndinati kuntchito bwana amandiitana kawiri katatu osamva, chifukwa khutu langa limatsala kunyumba kumvetsera chifuwa cha mwana. Ndinati akamutenga Lute ine ndidzakhala ndikumvetserabe, koma m'nyumba mopanda munthu. Ndinati apongozi sindiwada, nawonso anaika ana atatu m'manda, Estere anandiuza, mantha awo ndi anga ndi amodzi, kungoti iwo ali ndi mphamvu yonyamula mwana n'kupita naye, ine ndili ndi sopo.

Nditamaliza ndinaona misozi ikutsika m'masaya a nkhalamba ija, ikudutsa pa mphini, ikugwera pamutu pa Lute.

Munthu wanzeru akanakhala chete pamenepo. Koma ine manyazi olira pamaso pa wokonza njinga anandigwira, ndinafuna kuwaphimba ndi nthabwala.

"Ayi, apa ndiye mwalakwitsa," ndinatero ndikupukuta m'maso ndi taye. "Enieni aja salira, mtima wawo ndi mwala wa mphero. Ndiponso kayendedwe kanu polowa sikanali bwino. Nkhope sindiidziwa, koma msana wa apongozi anga ndauphunzira zaka zinayi, palibe angandipose. Taonani."

Ndinaimirira, anzanga. Ine, Yonamu Tembo, wa sekondale. Ndinakulunga kansalu ka pabeseni kumutu, ndinatulutsa matako kumbuyo, chigongono chimodzi m'mwamba ngati nkhuku yothyoka phiko, n'kuyamba kuyenda pabwalo, phazi lamanzere likukwakwaza pansi, mutu ukupukusika ngati ukukaniratu zinthu zimene munthu sananene. Ndinapita mpaka pa mpanda, ndinabwerera. Ndinabwerezanso kuti aphunzire bwino, ndinawonjezera ndi kulavulira kumbali.

Nkhalamba ija inali itasiya kulira. Inkandiyang'ana ndi maso onse awiri, nsalu itagwa kunkhope, kukamwa kuli yasa.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? M'pamene ndinakumbukira chinthu chimene chinandidetsa nkhawa monga tate. Misozi ija inadutsa pa mphini isanagwere pa mwana, ndipo mphini za Namkwiyo ndi makala. Makala pamutu pa Lute, pafupi ndi liwombo! Kabuku kanga kanali ndi tsamba lathunthu lonena za litsiro. Ndinavula kansalu kumutu, ndinakaviika m'beseni, ndinapakapo sopo, ndinagwira chibwano cha nkhalamba ija ndi dzanja lamanzere n'kuyamba kupukuta tsaya.

Sizinachoke.

"Lero mwalemba ndi chiyani, inki?"

Ndinapukuta mwamphamvu. Sizinachokebe. Ndinayandikira kuti ndione bwino, ndipo chala changa chinamva kuti mizere ija ndi yotumphuka, ili m'khungu, yakalekale. Ndinayang'ana chibwano chimene ndinagwira, chosalala, chopanda chiputu cha ndevu ngakhale chimodzi. Ndinayang'ana pansi. Mapazi. Anzanga, mapazi amenewo ndikanawazindikira ngakhale pamsika pa tsiku lodzaza, chala chachikulu chokhota, chipsera cha khasu pa kakolo. Zaka zinayi ndinkawapatsa moni mapazi amenewo.

Nthawi yomweyo belu la njinga linalira pachipata, nalowa Namkwiyo wina, chirundu chakuda, duku, mphini za makala, akukalipa kale. "Ali kuti mkamwini wopanda mwambo amene..." Mawu anathera m'kamwa.

Nkhalamba ziwiri zinayang'anana. Ine ndili pakati, chibwano cha apongozi m'dzanja ili, kansalu ka sopo m'dzanja ilo.

Mukufuna kudziwa chimene munthu wophunzira amachita pa nthawi ngati imeneyi? Mwambo unandibwerera wonse kamodzi. Ndinathawa. Pachipata panali njinga, ndiye ndinalunjika kubafa yaudzu ya pambali pa nyumba, osadzera pakhomo pake, ndinachita kuboola khoma. Ndinakhala m'matope a madzi osamba, taye ili paphewa, ndikuganiza ngati ku migodi ya malasha akulembabe anthu, ndipo ngati munthu angakafike kumeneko wapansi osatsanzika. Koma udzu subisa mawu, zonse ndinazimva.

"Chirundu changa icho," anatero a Nambewe.

"N'chanu, alongo. Ndachisunga bwino, sichinang'ambike."

"Ndiye ndi zimenezi umadyera m'tauni muno? Kuvala ine?"

"Ndi zimenezi."

Ndinasuzumira pa bowo limene ndinaboola lija. A Zakeyu anali atavula duku, dazi lili poyera, atagwada pafumbi. Ndinawaonapo akugwada kambirimbiri m'holo, nthawi zonse kuti anthu aseke, koma kugwada uku kunali kwina, ndipo mawu amene anatuluka sanali a Namkwiyo, kapena a mesenjala, kapena a mlaliki. Ndikhulupirira kanali koyamba kumva mawu awoawo.

"Alongo, mlandu ndi wanga, mkamwiniyu ndinamuuza ndine kuti andiyang'ane kumaso. Munati mbumba singasungidwe ndi wovala duku, sindinatsutse. Lero ndavula. Ndiyankhuleko kamodzi kokha monga malume wake wa Estere. Ine ndazungulira, ndipo ntchito yanga ndi kuona anthu mmene alili. Uyu ndi wamantha, ndi wotopetsa, madzi osambitsira mwana amawayeza katatu, koma kulibe kumene mdzukulu wanu angasungidwe kuposa pano. Musiyeni. Mukatero Namkwiyo afa lero lomwe, chirundu mutenge, sindidzakuvalaninso."

Anzanga, mudziwe chimene munthu uyu ankapereka. Namkwiyo ndiye ankadzaza holo. A Zakeyu alibe munda, alibe mkazi, alibe mwana, ali ndi bokosi lachitsulo la zovala ndi nkhalamba imeneyi, imene anabwera nayo kuchokera m'matenti a anthu akufa. Ndili m'matope momwemo ndinamva manyazi achiwiri, oposa oyamba aja.

A Nambewe anasunthira Lute paphewa lina.

"Anthu amaseka?"

"Amaseka."

"Amaseka chiyani?"

"Amaona amayi awo, alongo. Kunkhondo ena ankalira."

A Nambewe analoza pabwalo ndi chibwano.

"Tayenda ndione."

"Alongo?"

"Wagontha? Vala dukuyo uyende. Zaka zonsezi ndimangomva kwa anthu."

A Zakeyu anamanga duku kawiri lisanakhale bwino, munthu amene anasewerapo pamaso pa chigulu cha asilikali. Anayenda mpaka pa mpanda, nabwerera, natsokomola kawiri, naima kudikira chiweruzo. A Nambewe anapukusa mutu.

"Basi? Ukundiipitsira dzina ndi zimenezi? Phazi si limenelo, ndi lamanzere. Uja ali m'bafayu ndiye amatha."

Kenaka kunamveka phokoso limene ndinali ndisanalimvepo, ngati chitseko chadzimbiri chikutseguka. Anali apongozi anga akuseka. Anaseka mpaka Lute kudzidzimuka, a Zakeyu nawo n'kugwa pansi, nthawi ino kugwa kwenikweni, ndipo Estere polowa ndi mphasa pamutu anapeza amayi ake awiri atagwirana mapewa, wina tsaya limodzi lili mbuu ndi sopo, mwamuna wake kulibe, bafa ili ndi khomo latsopano.

Phwete litatha ndinamva a Zakeyu akufunsa.

"Munadziwa liti kuti akukuyesani ine?"

"Pamene ananditchula Namkwiyo."

"Nanga osanena bwanji?"

"Ndimafuna ndimve. Mkamwini ukamufunsa kuseri kwa khoma amangoti inde amayi, inde amayi. Lero ndamva munthu."

"Ndiye kuti mwasewera, alongo. Luso limeneli ndi lakumtundu."

"Tseka pakamwa."

Chigamulo chinadzera mwa mwana, mokweza kuti chifike kubafa.

"Lute, uwauze atate ako kuti pa mlandu wa tsaya langali ndikufuna tambala wamkulu, asakhale wodwala. Uwauzenso kuti munthu amene wasambitsa ine m'manja sangalole ntchentche kutera pa iwe. Ukhala konkuno ndi amayi ako. Koma ine ndikhala mwezi umodzi, ndione ngati sopoyu ndi wa masiku onse kapena wa alendo okha."

Mwezi wathunthu, anzanga, m'nyumba ya zipinda ziwiri ya khomo limodzi. Ena ankati poti nkhope ndaiona kale, ndaigwira ndi kuigwira, ndiye kuti manyazi atha. Kwa ine anachita kuwirikiza. Mwezi wonsewo ndinkalowa ndi kutuluka pawindo, nsapato m'manja, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamva madzi akukhuvuka m'beseni ndi mawu akuti, "Lute, uwauze atate ako kuti ndasamba, ndi pakati pa zala pomwe."

A Zakeyu anasunga lonjezo, ngakhale mlongo wawo sanawakakamize. Chirundu anachipinda napereka tsiku lomwelo. Masana ake analowa m'holo opanda nkhalamba yawo, anthu anang'ung'udza, ena anatuluka, ndipo kwa milungu iwiri ndinkawaona pansi pa mango atangoti ndwii pa sipanala, ine mtima ukundiwawa kuti ndamuphera munthu ntchito. Loweruka lachitatu anabwera kudzandibwereka taye. Ndinawapatsa, ndikanakana bwanji? Anandibwerekanso beseni.

Sewero latsopanolo mwaliona nonse. Pamakhala mtondo wofunditsidwa nsalu, ndiwo apongozi, ndi kalaliki wa miyendo yonjenjemera akuuwerengera mtondowo mfundo zisanu ndi ziwiri asanayambe kuupukuta ndi sopo. Holo tsopano imadzaza kuposa kale, akuti akuitanidwa mpaka ku Mwami ndi kutsidya kwa malire. Tsiku loyamba pa benchi yakutsogolo panakhala a Nambewe, Lute ali pamiyendo, kuonera mlongo wawo m'holo koyamba chibadwire. Ine ndinamvera panja, kuseri kwa khoma, monga mwa mwambo. Kalaliki uja atamanga kansalu kumutu n'kuyamba kuyenda, ndinamva mawu amene amabalalitsa nkhuku aja akudutsa holo yonse: "Phazi lamanzere, iwe!"

Lute tsopano akuyenda, ndi wonenepa, vuto lake ndi limodzi lokha, amakonda kunyambita sopo.

Ndiye za m'ngalande zija musadabwe nazo. Ndinalumbira kuti sindidzayesanso kusiyanitsa apongozi enieni ndi abodza, nzeru zimenezo ndilibe. Ndikaona chirundu chakuda ndi duku zikubwera, kaya ndi wogulitsa mtedza, kaya ali ndi ndevu, kaya akuliza belu la njinga, ine ndimapatuka kaye. Mapazi ndimakawayang'anira m'ngalande.